Chithunzi Chimene Anachikana ku Kandeu

Ntchito yanga m'zaka zimenezo inali yoyesa zithunzi zophunzitsa za Edzi zisanasindikizidwe. Wojambula wa mu tauni ankatumiza chithunzi, ine n'kupita nacho kumidzi kukamva ngati anthu akuonapo zimene ife tinkafuna kuti aone. Lamulo la ntchitoyo ndinkalisunga mosaphonya: woyesa safotokoza, sakonza yankho la munthu, ndipo sanena za iye mwini. Amangofunsa, n'kulemba.

Nyengo ina yokumba kachewere ndinakwera matola kupita ku Kandeu. Pakhonde la tchalitchi panasonkhana amayi amene amuna awo ankagwira ntchito ku Joni. Amuna anganso anali ku Joni komweko, koma sindinatchule.

Pachithunzipo panali mwamuna ndi mkazi atakhala pa benchi ya kuchipatala, atagwirana manja, sutikesi ili pambali. Mawu a m'munsi ndinayamba ndawaphimba ndi pepala, monga mwa dongosolo.

"Mukuonapo chiyani, amayi?" ndinafunsa.

Mayi wina wamtali, wa duku lofiira, anachiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo awa angotsika basi, ndipo asanafike kunyumba ayamba apatukira kwa chibwenzi."

Khonde lonse linafa ndi phwete. Ine sindinaseke.

"N'chifukwa chiyani mukuti ndi chibwenzi?"

"Aa, alangizi, inu simuli pabanja kodi? Mkazi wa m'nyumba n'kugwira dzanja la mwamuna wake pagulu, benchi imodzi, maso ali tong'o pankhope yake?"

"Anga nditawagwira chonchi," anatero wina kumbuyo, "angaganize kuti ndikufuna kuwavula wotchi!"

Ndinachotsa pepala lija n'kuwawerengera mawuwo, amene ankalangiza banja kukayezetsa magazi limodzi mwamuna akabwera ku ulendo. Kuseka kunatha. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kubere, analankhula motsitsa mawu.

"Munthu wakubweretsera bulangeti ndi nsapato za ana, iwe n'kumuuza kuti tiyeni kuchipatala. Uyambira pati?"

Ankandiyang'ana ine. Lamulo silinkandilola kuyankha, ndipo ndinalithokoza lamulolo. Funsolo ndinalibwezera kwa gulu.

"Mkazi sayamba," anatero wa duku lofiira uja. "Jambulanipo ankhoswe. Iwe umawauza ankhoswe, iwo n'kubwera ngati akudzalonjera mlendo, n'kuinena nkhaniyo ngati yawo. Mwamuna sawakanira ankhoswe pamaso."

Ndinalemba mawu ake onse. Chithunzi chinajambulidwanso: mkazi pamphasa, mwamuna pampando, ankhoswe pakati. Titachiyesa ku Mlangeni, anthu anachimva popanda wowafotokozera. Akuluakulu a ntchito anandiyamikira.

Amuna anga anabwera Khirisimasi ya chaka chomwecho. Anali ataonda, ndipo ankatsokomola. Anati ndi fumbi la kuntchito. Anandibweretsera juzi yabuluu imene ndili nayo mpaka lero. Ankhoswe anga anali achimwene anga aakulu, ku Manjawira, ulendo wa minibasi imodzi. Kawiri konse ndinavala kuti ndipite, ndipo kawiri konse ndinavula. Ine, mkazi wa ku koleji, wolangiza anzanga, ndikagwade pamaso pa achimwene amene sanamalize pulayimale n'kunena kuti ndikuopa m'nyumba mwanga momwe? Ndinadziuza kuti njira ya ankhoswe ndi ya amayi osaphunzira, kuti ine ndinena ndekha.

Sindinanene. Tsiku ndi tsiku ndinkawagwadira ndi madzi osamba m'manja. Iwo ankati, "Amayi a ana, mwangoti zii bwanji? Simunakondwe kuti ndabwera?" Ine ndinkati ndatopa ndi ntchito. Anakhala masabata atatu, n'kubwerera.

Ulendo wotsatira anachita kubwera nawo anzawo, osatha kuima okha. Mankhwala otalikitsa moyo anali atayamba kufika kuchipatala cha kuboma, koma madokotala anati tachedwa. Pamaliro achimwene anandifunsa kuti, "Chemwali, simunaone kanthu kodi?" Ndinaweramitsa mutu.

Zithunzi zokanidwa tinkayenera kuzibweza ku ofesi. Pa ntchito yanga yonse ndinaswa lamulo kamodzi kokha: chithunzi choyamba chija sindinabweze. Chili pansi pa bokosi langa la zovala, pamodzi ndi juzi ija.

Amayi a ku Kandeu sanalakwitse. Banja la pachithunzi chija si banja la kwathu. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, ine ndi amuna anga sitinagwiranepo dzanja pagulu, ndipo ndikanaona ngati chipongwe iwo akanayesa. Koma masiku ena Loweruka masana, ndikamaliza kusita, ndimatulutsa chithunzicho n'kuchiyala patebulo. Sindiphimba mawu. Ndimayang'ana benchi ija, sutikesi isanatsegulidwe, ndi dzanja la mwamunayo lili m'dzanja la mkazi, awiriwo akudikira kuti awaitane.