Kope la Ulendo wa ku Beira

A Linus anali mphunzitsi mnzanga pasukulu ina kufupi ndi Mphunzi, munthu woti ngakhale pokagula singano ankayamba walemba papepala. Ndinkawaseka nazo, osadziwa kuti khalidweli lidzawafikitsa pakhomo pa ndende.

Akazi awo, a Felista, ankadwala mphumu. Juni aliyense, chisanu chikatsika m'mapiri, ankabanika mpaka milomo kuda, moti mu 1970 wansembe anachita kuwadzoza mafuta a odwala. Sisitere wa kuchipatala anawauza a Linus mosabisa kuti chifuwa chimenechi sichingapirire Juni wina ku Dedza, chikufuna kotentha.

Basi a Linus anagwira kope. Anasankha kukachita tchuthi ku Beira, kwa Apwitikizi, poti sitima yokwerera pa Balaka inali yotchipa. Za hotela sanaziganizire n'komwe. Analembera makalata akatekisiti a m'njira monse kupempha pogona, ndipo aliyense akamuthokoza ndi kathumba ka kachewere. Kamba wapaulendo, mtedza wokazinga. M'kopemo munali mayina a akatekisitiwo, masiku, ndi mapu okhala ndi mivi ya inki yofiira yodutsa malire.

Kuti apeze pasipoti pankafunika kalata ya tcheyamani wa chipani, a Alufeo. Ndinawachenjeza kuti akangopempha kalatayo n'kubwerako. Iwo, ndi ulemu wawo wa kumishoni, ananyamula kope lonse kukaonetsa kuti sakubisa kanthu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Masiku amenewo munthu wanzeru zake sankaonetsa tcheyamani mayina a anthu ndi mivi yotuluka m'dziko.

A Alufeo analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kulilowetsa m'thumba la jekete.

"Aphunzitsi, anthu amenewa ndi ndani kwa inu?"

A Linus anafotokoza za mphumu ndi kachewere. Tcheyamani anangoti adzamva.

Milungu itatu tinakhala mitima ili m'mwamba. Galimoto ikamveka pamsewu, choko chinkagwa m'manja mwa a Linus. Kutchalitchi anthu anasiya kuwapatsa moni, ndipo inenso, ndivomere ndi manyazi, ndinayamba kuzemba pakhomo pawo. Meyi anali atalowa, a Felista atayamba kale kutsokomola.

Kenaka a Linus anaitanidwa ku boma. Bwana wina anawapanikiza ndi mafunso tsiku lonse, dzina ndi dzina. Pomaliza anavomereza kuti akatekisiti si zigawenga, koma anati za pasipoti aiwale, ndipo mphunzitsi wa maso akunja sangapite osalangidwa.

"Lolemba musamuke. Mukupita kuchigwa, ku Chikwawa. Mukapse ndi dzuwa kumeneko, mwina mudzaphunzira kukhala pansi."

A Linus anadzandiuza kuti apa ndiye panali povuta kuposa mafunso onse aja. Anadziwa kuti nkhope ikangowala pang'ono, bwanayo azindikira n'kuwaponya kwina kozizira. Anaweramitsa mutu, napempha ndi mawu onjenjemera kuti awasiye kwawo ku Dedza, uku akuopa kuti mwina bwanayo angawamvere chisoni. Bwanayo anayang'ana fayilo, anayang'ana a Linus, n'kukana.

Lolemba lole inabwera. Amayi a mumpingo ankalira ngati pamaliro, a Felista atakhala pamwamba pa matiresi, atafunda mabulangete awiri. Ine ndinapita kukathandiza kukweza mipando, ndikulephera kuwayang'ana m'maso. A Linus anandikokera kumbali n'kundinong'oneza:

"Achimwene, lole ndi ya boma. Sitilipira."

Nyanja ya ku Beira a Felista sanaione. Koma mabulangete aja anawapinda asanafike pa Chikwawa, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndi ziwiri.