Tsiku Limene Amisiri Anatseka Masitepe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa ukwati. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nditangomaliza Fomu 4, ndikukhala ndi amayi ku Chilomoni. Woyendetsa mwambo sanabwere, ndiye anandipatsa ine maikolofoni. Madzulo ake bambo wina wa suti yotuwa ananditsatira panja pa holo.

"Mawu anu amamveka bwino, chemwali. Mubwere Lolemba tidzakambirane za ntchito."

Anali a Mussa, amene anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ku Joni ndi kompyuta imodzi. Ofesi yawo inali kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsalu m'tauni. Anali atatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa Mpando ndi Dengu, loonetsa zithunzi za mipando, madengu ndi ziboliboli za amisiri a ku Ndirande ndi Bangwe, kuti eni mahotela ndi anthu akunja aziona n'kumaitanitsa. Vuto linali lakuti intaneti anthu ankangoimva m'maluwa.

"Tamanga sitolo m'tchire," a Mussa ankatero. "Msewu ilambule ndi wailesi."

Ntchito yanga inali kulemba mawu a malonda, kuwawerenga ndikuyang'ana wotchi mpaka akwane theka la mphindi, kenako kukawajambulitsa pa tepi ku situdiyo. Dzina la tsambalo linkayenera kumveka katatu. Za m'nyuzipepala ndinkapita nazo pa disiketi, n'kudikira pepala loyeserera kuti ndione chilembo chimodzichimodzi, chifukwa kadontho kamodzi kakasowa pa adiresi, palibe amene angatipeze.

Malondawo anayamba kumveka Lachiwiri lina, nkhani za m'mawa zitangotha. Tsiku lomwelo tinkayembekezera Mayi Kamwendo, mwini malo ogona alendo ku Zomba, kuti adzaone tsambalo. A Mussa anali atandiuza mosabisa kuti mayiwa akapanda kugula, mwezi wamawa titseka ofesi.

Nditatsika minibasi ndinapeza masitepe athu odzaza azibambo, wina wasenza mpando, wina madengu, wina kabati yathunthu. Anali atamva mawu anga akuti, "Amisiri, onetsani katundu wanu ku dziko lonse." Kalipentala wina wachikulire wa ku Ndirande, a Nampinga, anandigwira mkono.

"Mwana wanga, intanetiyo ndi khomo liti? Katundu tabwera naye monga munanenera muja."

M'kati foni inkangolira. Tinali ndi layini imodzi yokha, yomwe ankalumikizanso ku modemu, kabokosi kolowera pa intaneti. A Mussa ati aike foni pansi, yalira kale. Mayi Kamwendo atafika, a Mussa anazula waya wa foni n'kulumikiza modemu. Inalira kwiii, kenako zii. Anayesanso. Chithunzi cha mpando chinayamba kutsika pang'onopang'ono, chitangofika pa miyendo magetsi anazima.

Malaya a a Mussa anali atanyowa kumsana. Ine ndinkangoganiza za amayi anga, amene anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akulankhula pa wailesi.

Mayi Kamwendo ananyamula chikwama. "Chabwino, ndidzabweranso tsiku lina." Tonse tinadziwa kuti sadzabwera.

Koma pakhomo panalibe podutsa. Kabati ija inali itapingasa pa masitepe, azibambo akukangana kuti aitembenuzire kuti. A Nampinga anapukuta mpando wawo wa mlombwa ndi chipewa.

"Tayambani mwakhala, mayi, tikonze kaye njira."

Mayiwo anakhala monyinyirika. Kenako anatsamira. Anasisita pogwira manja, anaugwedeza kuti amve ngati ukulira.

"Uwu wapanga ndani?"

"Manja omwewa, mayi."

"Mungapange ina yokwana chipinda chodyera?"

Anakhala pakhomo paja mpaka masana, akusankha mipando, matebulo ndi madengu oikamo zovala. A Mussa ankajambula katundu aliyense ndi kamera kuti adzaikidwe pa tsamba. Potsika, mayiwo anandiyang'ana.

"Ndinu a pa wailesi aja eti? Dzina la tsamba lanulo ndalimva m'galimoto, mpaka pano silikuchoka m'mutu."

Galimoto yawo itanyamuka ndinangokhala pansi pa sitepe. A Mussa anakhala pambali panga n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Ofesi sitinatseke. Sabata yomweyo tinakapempha layini yachiwiri, ndipo ndinabwerera ku situdiyo kukawonjezera mawu akuti amisiri azibwera Lachisanu lokha.

Ndagwira ntchito yotsatsa malonda zaka zambiri kuchokera pamenepo, makompyuta asintha kambirimbiri. Koma mpaka lero, ndisanapereke mawu ku wailesi, ndimawawerenga mokweza n'kudzifunsa kuti: munthu amene akuwamva ali ndi mpini wa sowo m'manja ku Ndirande, akaika sowoyo pansi, miyendo yake ilowera kuti? Ndikapeza yankho, ndimakayamba ndakonza pomulandirira.