Chithunzi Chimodzi cha a Fabiano

Winnie anakulira ku Soche, mwana mmodzi yekha wa a Fabiano, telala amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Winnie ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa, zaka khumi ndi ziwiri pakhomo limodzi. Amayi ake atamwalira, anatsala ndiye wosamala bambo ake, omwe anali atayamba kuiwalaiwala. M'mawa uliwonse ankawasiyira tiyi mufulasiki n'kupempha aneba kuti aziwayang'anako.

Lachiwiri lina mu Juni, poweruka anapeza chitseko chili chotsekula, bambo kulibe. Aneba anati anawaona akutsetsereka ndi msewu dzuwa lisanafike pamutu, atavala jekete lawo la bulauni. Ankayesa kuti akukagula buledi.

Kupolisi anamuuza kuti abweretse chithunzi. Winnie anafufuza mufoni yonse: anzake a kwaya, maluwa a abwana, mphaka. A Fabiano ankadana n'kujambulidwa, moti chawo chinalipo chimodzi basi, cha paukwati wa msuweni wake. Keke inali patsogolo, yooneka mpaka timaluwa ta shuga. Bambo anali kumbuyo, nkhope ili mbuu ngati munthu woima m'chifunga.

M'mawa mwake anathamangira ku Limbe, pashopu yosindikiza zithunzi ya mayi wina dzina lake Aminatu.

"Achemwali, kamera yanu inalunjika pa keke, osati pa madala," anatero Aminatu. "Mukanadina pankhope pawo musanajambule. Dzanjanso linagwedezeka."

"Chonde chikonzeni. Agona panja bambo anga, kuzizira konseku."

"Chimene kamera sinagwire ndilibe pochitenga. Koma ilipo pulogalamu ina, tiyese."

Anadina, ndipo posakhalitsa panatuluka nkhope yowala bwino, makwinya onse kuoneka, mano oyera ondanda bwino. Winnie anagwira pakamwa. Bambo ake analibe mano akutsogolo, ndipo chipsera cha pachipumi chinali chitafufutika.

"Awa si iwo."

"Pomwe sikuona imangopeka," anayankha Aminatu. "Ine sindingakulangizeni kumata chimenechi."

Koma Winnie anaganiza kuti chithunzi cha mbuu palibe angaime kuti achiyang'ane. Anasindikiza chowalacho, n'kuchimata m'masiteji a minibasi, pazipata za matchalitchi ndi pamitengo ya magetsi. Foni inayamba kulira. Anapita ku Ndirande, anapeza gogo wa eni ake akugulitsa makala. Anapita ku Bangwe, anapeza wina woledzera amene anamutukwana. Tsiku lachisanu anamuitana ku chipatala kukaona mtembo wa munthu wosadziwika. Atavundukula nsalu n'kuona kuti si iwo, anakhala pansi pakhonde n'kulira mokuwa. Abwana anali atamuuza kale pafoni kuti akapanda kubwera Lolemba, apeza wina.

Lolemba sanapite. Anabwerera kwa Aminatu maso ali psuu.

"Sindikizani choyamba chija, mmene chililimo."

Anayenda wapansi n'kumakanganula mapepala akale aja limodzilimodzi, n'kumamatapo atsopanowo. Pansi pa chithunzi cha mbuucho ankalemba ndi bolopeni: alibe mano akutsogolo, chipsera pachipumi, akatopa amayankhula Chisena.

Foni inakhala zii masiku anayi. Kenako anaimba mayi wina, Sumayyah, wogulitsa nthochi pafupi ndi njanji ku Limbe.

"Chithunzi chanucho sindikuonapo kanthu. Koma alipo agogo ena kuno, ndakhala ndikuwapatsa phala. Chichewa sakuyankha."

Winnie anawapeza atakhala pa katoni, mapazi atatupa, nsapato imodzi palibe. Anagwada n'kuwagwira manja.

"Ababa, ndine Winnie."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamufunsa m'Chisena ngati wabwera kudzatenga diresi lake, chifukwa anali asanamalize kusoka.

Anawatengera kunyumba pa kabaza wa njinga yamoto, iye atakhala kumbuyo kuwagwirira kuti asagwe. Ntchito ya ku Namiwawa inali itapita. Anayamba kukazinga mandasi pakhonde, pomwe ankatha kuona chitseko tsiku lonse. A Fabiano anakhala miyezi isanu, ndipo anamwalira mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa.