Nagat ndi Nyemba za Ful

Mlamu wanga Nagat sukulu adalekezera kalasi yachitatu, koma mbewu amazizindikira ali pa bulu, osatsika n'komwe. M'mawa uliwonse amakamweta msipu wa njati yathu yoweta, ndipo pobwerera, msipu utamukwirira, chimaoneka ndi makutu a bulu okha.

Ine ndidakulira m'tauni ya Tanta. Nyemba za ful ndinkazidziwira m'mbale, zothira mafuta ndi mandimu. Ndiye dokotala adatiuza kuti Hazem, mwana wanga wa zaka ziwiri, ali ndi vuto la magazi, asadzalawe nyembazi ngakhale imodzi. Koma kumudzi kuno komwe ndidakwatiwa, ukadutsa pamunda ndi mwana, mwini munda amathyola zaziwisi n'kumupatsa, ndipo kukana n'chipongwe. Ndidangosiya kutuluka.

"Amake Hazem, mwanayu muzimusunga m'kabati ngati kapu ya alendo?" adatero Nagat tsiku lina. "Nyamukani."

Tidatsata ngalande. Adaloza munda woyamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Udzu."

"Tirigu! Buledi mumatimalizira uja. Nanga ichi?"

"Tirigu wamkulu."

"Adyo, mayi inu! Mphuno mudaiwala ku Tanta?"

Pamunda wa nsawawa, poyesa kuti ndi ful, ndidakuwa n'kumutukula mwana m'mwamba. Nagat adaseka mpaka kukhala pansi.

"Nsawawa zimayanga, zimafuna pogwira ngati inuyo. Mdani wanu amaima yekha."

Adandigwiritsa mtengo wa ful. Tsinde lake n'la ngodya zinayi, masamba otuwa, duwa loyera la kadontho kakuda. Adandibwerezetsa katatu, kachitatuko nditatsinzina.

Patatha milungu ingapo ndidalimba mtima, ndidatuluka ndekha ndi Hazem. A Shehata, achimwene a apongozi anga, adatikodola ali m'munda mwawo, makoko obiriwira ali kumanja. Maluwa anali atathothoka kale. Ndidagwira tsinde. Ngodya zinayi. Hazem n'kuti atatambasula kale kadzanja.

"Pepani bambo," ndidatero, "izi zimamudwalitsa. Dokotala adaletsa."

A Shehata adabweza dzanja lawo. Kenako adaponya makokowo m'thumba, adazula karoti pamzere wina n'kumupukuta pamkanjo.

"Nanga uyu adaletsanso?"

"Ayi, bambo."

Adatembenuka n'kukuwira anzawo kutsidya kwa ngalande: "Mwamva inu? Mwana uyu ful ayi! Womupatsa aonana ndi ine!"

Nditamuuza Nagat sadandiyamikire n'komwe. Adangoti mawa tikalowe m'munda wa anyezi, poti kumeneko ndikadali mbuli.