Mbande Zimene Apongozi Anakapempha

Kwathu kwa Wimbe nazale za fodya timaika kudambo, pafupi ndi zitsime zokumba tokha. Chaka chimenecho mwamuna wanga anali kuganyu ya zomangamanga ku Lilongwe, ndipo pakhomo tinatsala atatu: ine, apongozi anga aakazi, ndi mwana wanga wamkazi amene anali asanayambe n'kukwawa komwe. Ndinakwatiwa chitengwa, choncho munda ndi nazale zinali za apongozi. Ine yanga inali kuthirira m'mawa ndi madzulo mwana ali kumbuyo, komanso kupopera mankhwala, popeza ndine ndinali ndi satifiketi ya zaulimi ndipo ndinkatha kuwerenga zolemba za pabotolo.

Vuto linali kuwerenga komweko. Ndine munthu wamantha chibadwire, koma nditabereka mantha anachita kundikwera pamutu. Ndinkayang'ana chithunzi cha chigaza pabotolo, kenaka n'kuyang'ana kakamwa ka mwana. Sipuleya imakhala pamsana, malo omwewo amene iye amagona. Imadontha m'malamba, imanyowetsa bulauzi. Ndikapopera ndinkasamba mpaka khungu kuwawa, komabe pomuyamwitsa ndinkamva ngati fungo likadalipo. Akangotsokomola pang'ono, mtima unkandiuza kuti ndine.

Mbande zitatulutsa masamba okula ngati khutu la mbuzi, nsabwe zinayamba kuoneka kunsi kwa masambawo, zobiriwira, zounjikana. Apongozi anaziona ine ndisananene.

"Amake mwana, alendo aja afika. Mawa mulawire ndi sipuleya."

Ndinagwada pambali pa bedi la mbande, n'kuyamba kuwafotokozera zimene ndinaphunzira kukoleji. Ndinati tsamba likalumidwa silingokhala chete, limatulutsa fungo limene mphuno zathu sizimva. Fungolo limayenda ndi mphepo n'kukaitana timavu tating'onoting'ono, tochepa kuposa nyerere. Timavuto tikafika timabaya nsabwe n'kuikira dzira m'mimba mwake, ndipo kamphutsi kakaswa kamaidya nsabweyo m'kati mpaka iume. Ndinati mankhwala amapha nsabwe ndi timavu tomwe, ndiye tikadikira pang'ono, nazale idziteteza yokha.

Apongozi anaseka mpaka kugwira bondo langa.

"Ndiye fodya wanga amalira? Ine ndakalambira m'fodya, sindinamumvepo."

"Amalira mwa fungo, amayi."

"Nanga mavuwo ndi omwe aja anatupitsa diso la mwamuna wanu m'chigafa?"

"Ayi, awa saluma munthu."

"Akhale aulemu choncho? Chabwino. Mwaphunzira ndinu. Tiwadikire azibale anuwo."

Zonse zimene ndinanenazo zinali zoona, sindinapeke n'chimodzi chomwe. Koma panali china chimene ndinachisiya m'kamwa. Kukoleji munda umene tinkaonerapo zimenezi unali pawokha, wozunguliridwa ndi maluwa ndi zitsamba, ndipo palibe ankapopera pafupi. Kudambo kwathu mabedi amagundana. Kumanja anthu ankapopera, kumanzere ankapopera, ndipo thengo lonse la m'mbali linali litapsa ndi moto wa osaka mbewa. Timavu tikanachokera kuti? Ndinalidziwa funsoli ndikadali chigwadire. Koma ndinadzuka wopepukidwa, chifukwa mawa lake msana wanga unali wa mwana yekha.

Kuyambira pamenepo ndinkathirira ndikutembenuza masamba. Timavu tinabweradi. Ndinapeza nsabwe zina zitatupa, zitauma n'kusanduka zotuwa ngati njere za mawere, zina zili ndi kabowo kozungulira kumsana pamene kavu katsopano kanatulukira. Ndinathamanga nalo tsambalo kukawaonetsa apongozi. Analiyandikitsa kumaso, n'kunena kuti, "Zoonadi, aboola bwinobwino ngati ndi singano." Kenaka anatembenuza tsamba lina, lodzaza nsabwe zamoyo.

Dzuwa la Okutobala linakula, nsabwe zinaswana kuposa mmene timavu tikanathera. Masamba anayamba kumata m'manja, kenaka kuda, kenaka kupindika. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena kuti tipopere. Ndikafika kunyumba, mwana akandimwetulira ndi nkhama zake, ndinkati tidikireko kaye.

Tsiku lina ndikubwera ndi makeni othiririra ndinapeza apongozi ali kale m'nazale, sipuleya ili kumbuyo, akuyenda chowerama, munthu wodandaula msana chaka chonse. Ndinaima patali ndi mwana, kumene mphepo inkachokera. Sanandiitane, inenso sindinayandikire.

Zinali mochedwa. Nsabwe zinafa, koma zinali zitasiya kale matenda opinimbiritsa fodya. Mvula itagwa, tikuzula mbande zokawokera, zambiri zinali zopotana, zosati n'kupita nazo kumunda. Zabwinozo zinangokwanira kumtunda kwa munda. Kumunsi mizere inangokhala yopanda kanthu.

Kwathu mbande zikakuperewera umapita kwa anzako amene zawatsalira. Si zachilendo, koma anthu amadziwa amene amapempha ndi amene amapatsa, ndipo apongozi moyo wawo wonse anali opatsa. M'mawa mwake anamanga chitenje, nandiuza kuti ndinyamule dengu. Tinayamba ndi kwa mayi ena a mumpingo mwathu, anzawo a kumvano, amene bedi lawo linali kumanja kwa lathu.

"Odi kuno. Tabwera ife osauka," anatero apongozi.

"Inu? Kupempha mbande inu? Chikhalirecho muli ndi alangizi a zaulimi pakhomo, ogona nawo nyumba imodzi."

Anatero akundiyang'ana, akumwetulira. Ine maso anali padengu.

"Alangizi ananena, koma agogo anu ndinaiwala," apongozi anayankha. "Ukalamba uwu. Botolo la mankhwala ndinaliika pabwino, pabwinopo n'kupaiwala."

Anaseka onse awiri, ndipo mayiwo anatizulira zimene akanatha. Nyumba yotsatira apongozi ananenanso za botolo lomwelo, nyumba inayo chimodzimodzi, nkhani ikukomerakomera. Pofika masana mudzi wonse unadziwa kuti iwo ayamba kuiwalaiwala.

Pobwerera, tikudutsa m'mphepete mwa dambo, ndinatula dengu pansi.

"Amayi, za timavu zija zinali zoona. Koma si chifukwa chake ndinakana kupopera."

"Ndikudziwa."

"Ndinkaopa mwanayu."

"Ndinakuonani mmene munkasambira. Sopo ankatha ngati tikuchapa mabulangete." Anakonza kansalu kumutu kwa mdzukulu wawo. "Mukanangonena kuti msana uli ndi mwini wake, ndikanasenza ine kuyambira pachiyambi. Nanga ine ndinalera ana pamtengo?"

Sanakalipe, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanakalipa. Anandithandiza kusenza dengu, tinapita kukawokera dzuwa lisanafotetse mbande. Zopemphazo sizinafike kumapeto kwa munda. Mizere yotsalayo tinadzalamo mtedza, ndipo mwamuna wanga atabwera pa Khirisimasi n'kufunsa, apongozi anamuuza za botolo lija. Iye anawaseka amayi ake, n'kuwalangiza kuti zinthu zofunika azindipatsa ine ndizisunga. Ine ndinali pomwepo, ndikuyamwitsa.