Chilombo cha Mwana wa Foromani

Pa komboni yathu, pa pulazi ya fodya kufupi ndi Banket, gemu inali imodzi yokha: ya mkulu wina wometa tsitsi, amene tonse timamutcha mkoma. Kamakina kake n'kakale kuposa ine, kolumikizidwa ku kanema wa chimsana. Kaseti ikakana, umangoiuzira mpweya, n'kuibwezera, basi yayamba. Mkomayo ankatilola kusewera ulere chifukwa shedi yake yometera ikadzaza anyamata, ena ankathera pampando wometera. Katswiri ndinali ine. Kamunthu kanga, kamene kanali timabokosi tamitundu basi, kankadumpha maenje ngati kakuthawa agalu a alonda.

Ndiye mwana wa foromani analandira chimakina cha gemu chatsopano kuchokera kwa achimwene ake a ku Joni. Posakhalitsa mushedi munali zii. Mkoma wometa anandiuza akukutumula tsitsi pansalu: "Mupfana, zikapitirira chonchi, kanemayu ndikampatsa mlamu wanga ku Darwendale. Akungondidyera batire."

Ndinapita kukachiona chimakinacho. Sindinama, zithunzi zake n'zoopsa. Munthu amatuluka thukuta, udzu umagwedezeka ndi mphepo. Koma ine ndinachikayikira tsiku lomwelo. Umakhala utagwira chowongolera, manja ali lende, ukuonera anthu akukambirana ngati filimu. Ukati tsopano ndisewere, chikukuonetsa majekete ndi nsapato zoti umugulire munthu wako, munthu woti kulibe, pamene nsapato zanga zakusukulu zili kukamwa yasa. Ndipo gemuyo isanakulole kulowa, imayamba yalankhula ndi eni ake pa netiweki. Imawauza chiyani? Chinthu chokhala m'nyumba mwako koma chokapereka lipoti kwina, ife a pa pulazi timachidziwa bwino.

Ndinawauza anzanga. Ndinawaonetsanso kagemu ka pafoni ya mlongo wanga, ka mbuzi yothawa m'khola, kamene akuti anakapanga anthu awiri okha. Sikapempha bandulo, sikagulitsa jekete, ndipo mbuziyo imaseketsa. Anati ndi nsanje chabe. Mwina inalimo pang'ono.

M'gemu yaikuluyo munali mdani wamkulu wovala chigoba chanyanga ndi nsanza. Anyamata anangomutcha chilombo. Koma pa komboni yathu mawu amenewo ali ndi eni ake. Zilombo ndi za gule, zimene anzathu Achishona amati zvigure, ndipo aliyense amadziwa kuti zimachokera kumanda. Wonena zina amaitanidwa kukayankha mlandu. Mkulu wa gule ndi agogo oyendetsa thirakitala, amene timawatcha asekuru, munthu wanthabwala, koma pa nkhani iyi saseka. Foromani ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwana wake sanapiteko kudambwe, kumene anyamata amalowera gule.

Loweruka masana asekuru anali kutsuka thirakitala pamjigo. Mwana wa foromani anabwera ndi chigubu. Ndinamupopera madzi ndekha, mwaulemu wonse.

"Shamwari, akuti dzulo wachigonjetsa chilombo chija?"

"Kalekale! Iwe ukadali ndi timabokosi tako."

"Aa, bodza. Chilombo sichigonja."

"Chilombo chanji? Ndi munthu uja! Ukachimenya kumutu chigoba chimagwa, m'katimo muli munthu wamba, wadazi. Ndachivula ndekha, anyamata onse akuona."

Nsanza ya asekuru inaima patayala. Madzi anangoyenderera okha.

"Mwanawe, tabwereza."

Mnzangayo anacheuka, n'kuzindikira amene amamva. "Ayi asekuru, ndi gemu chabe."

"Gule wasanduka gemu?"

"Ayi, ndikunena cha kunyumba. Cha pabalaza."

"Mwachivulira pabalaza pa foromani?"

Ine ndinapitiriza kupopa. Chigubu chinali chitadzaza kale.

Dzuwa lisanapendeke tinali tonse pabalazapo: asekuru, akuluakulu ena a gule, foromani ali m'ovolosi yake, anyamata titapanikizana pakhomo. Nkhani inali yosavuta. Mwanayo angoyatsa chimakina, awaonetse akuluakulu kuti chilombo chake n'chojambula, aseke, athe. Ngakhale ine ndinaganiza kuti zithera pomwepo.

Anayatsa. Pakanema panabwera mawu a Chingerezi ndi kamzere kopanda kanthu. Gemu inafuna apudeti, zatsopano zochokera pa netiweki. Popanda apudeti, sitsegula.

Tsono netiweki ya pa pulazi yathu imakhala pachulu kuseri kwa mabalani a fodya. Pabalaza pa foromani imangobwera kudzacheza. Kamzere kanasuntha ngati utitiri, n'kuima.

"Chikuti chiyani?" anafunsa asekuru.

Ine, monga mwana wa Fomu 3, ndinathandiza. "Chikuti mudikire, asekuru. Chiyambe chafunsa kwa eni ake."

"Eni ake ndani?"

"Sitiwadziwa. Ali kutsidya kwa nyanja."

"Ndiye chinthu chili m'nyumba muno, koma chimamvera anthu amene simuwadziwa?"

"Eya, asekuru."

Palibe liwu limodzi labodza limene ndinanena. Akuluakulu anayang'anana. Mmodzi anasuntha mpando wake kuutalikitsa ndi chimakinacho.

Foromani anapereka foni yake kuti bandulo yake ithandize. Kamzere kanaidya yonse osafika n'pakati pomwe. Mwanayo anadina apa, anadina apo, anazimitsa, anayatsanso, mpaka anachiuzira mpweya kumbuyo ngati kaseti yathu. Apo ndinaluma kolala ya shati kuti ndisaphulike.

Asekuru anaimirira, n'kutenga chipewa. "Aforomani, ife sitinaone gemu. Tamva mawu okha, ndipo mawuwo tawamva bwino."

Foromani anapepesa ndi tambala wake wofiira uja, amene ankadzutsa komboni yonse. Chimakina anachitsekera m'wadirobu, akuti mpaka wochitumiza wa ku Joni uja adzabwere pa Khirisimasi adzafotokoze yekha kuti chimalankhula ndi yani.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mushedi munalibe poponda. Mkoma wometa sanatchulenso za Darwendale. Anangopukuta fumbi pakanema, n'kumanola makina ake ometera akuimba mluzu. Asekuru atabwera kudzameta ndevu, anasuzumira pakanemapo nthawi yaitali.

"Aka kali ndi chigoba?"

"Ayi asekuru, ndi timabokosi."

"Kamafunsa kwa yani?"

"Kwa ine."

Anagwedeza mutu, n'kukhala pampando.

Mwana wa foromani anatenga masiku asanaoneke. Atabwera anaima pakhomo, manja m'thumba, akundiyang'ana ngati ndamudyera mbuzi.

"Iwe unawaona asekuru pamjigo paja."

"Thirakitala yonse ija, ndani sakanaiona?"

"Unachitira dala."

"Ine ndinangofunsa, shamwari. Anayankha ndiwe. Ndipo chimene chinakukana pamaso pa anthu si ine."

Ndinatulutsa kaseti, ndinaiuzira, ndinaibwezera, n'kumupatsa chowongolera. Gemu inayamba pomwepo, osafunsa munthu. Kamunthu kake kanathamanga molimba mtima, n'kugwera m'dzenje loyamba lenileni. Shedi yonse inagwa ndi phwete.

"Bweretsa ndiyesenso," anatero, ngakhale chowongolera chinali m'manja mwake momwemo.

Chimakina chija chikadali m'wadirobu, pakati pa masuti a foromani. Akuti n'chozimitsa. Ine ndikamadutsa pawindo lawo ndimatsitsabe mawu.