Diresi la pakhonde

Chaka chimene ndinkagulitsa m'shopu ya alamu anga ku Mitundu, zovala zina tinkazikoleka pakhonde kuti zikope anthu. Dzuwa linkaziwomba, maminibasi n'kumazithira fumbi. Alamu, omwe ankapikula katundu ku Lilongwe, anabwerako ndi mawu achingerezi akuti shopusoyilodi. Ankati ndi katundu woti sanagwirepo ntchito, koma wafwifwa chifukwa chokhalitsa poonetsera, ndiye amatsitsidwa mtengo. Mawuwo ankawatchula monyada ngati nawonso anachita kuwapikula.

Pakhondepo panali diresi la buluu lomwe linakhalapo kuyambira dzinja, mapewa ake atayamba kuyera. Bambo wina, tenanti wa pa esiteti ya fodya cha ku Nathenje, ankabwera tsiku la msika kudzaliona. Sankalikhudza. Tsiku lina anandifunsa.

"Mayi, limeneli anavalapo munthu?"

"Ayi bambo, n'latsopano. Langopsa ndi dzuwa."

"Dzuwa si munthu," anatero. "Akazi anga chikwatirane sanavalepo chovala choyamba ndi iwo. Zonse n'za kaunjika. Abwana akatilipira ndidzabwera."

Anandimvetsa chisoni, ndipo ine chisoni chikandigwira sindifunsa munthu nzeru. Nthawi yolipira matenanti itayandikira, ndinalitsitsa pakhondepo diresi lija, n'kudula kapepala ka kufakitale kamene kankalendewera pakolala. Ndinalichapa ndi sopo wonunkhira, n'kulisita bwinobwino. Ndinadziona kuti ndine munthu wabwino kwambiri.

Atabwera ndinawapatsa ndikumwetulira. Analitambasula, n'kulinunkhiza. Kenako chala chawo chinayamba kufufuza pakolala.

"Mwalichapa?"

"Eya bambo, kuti fumbi lichoke."

"Nanga kapepala kaja?"

Ndinathamangira kudzala kuseri, koma zinyalala zinali zitaotchedwa kale. Ndili chiimire pamenepo m'pamene zinandilowa m'mutu. Ogulitsa kaunjika nawonso amachapa ndi kusita zovala zawo kuti zioneke bwino. Fumbi lija ndi kapepala kaja ndizo zinali mboni za bamboyo kwa akazi awo, ndipo ine ndinazichotsa ndi manja angawa. Ndinachita manyazi moti ndinachedwa dala kubwerera m'shopu.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa mpaka pano. Analipira, analipinda okha diresilo, n'kuliika m'jumbo mosamala.

"Ndikawauza kuti n'latsopano," anatero ali pakhomo. "Iwo ndi munthu waulemu, akangovomera."